Namwino ndi Ana a Sukulu

Pa masukulu a ku Chipata ndi midzi yozungulira, kuyambira ku Kapata ndi ku Mchini mumzinda kufikira ku dziko la Inkosi Madzimawe ndi Inkosi Nzamane, belu likalira m'mawa ana amalowa m'kalasi, ndipo mphunzitsi amatsegula buku lace naitana maina. Ena abvomera, ena kulibe. Mwa iwo amene abvomerawo mulinso ena amene afika ndi thupi lokha. Wina wagoneka mutu pa desiki dzuwa lisanakwere. Wina alikupempha kawiri-kawiri kuti atuluke kunja. Wina alikulemba zosiyana ndi zimene ziri pa bolodi. Ana otere amanenedwa kuti ndi aulesi kapena opanda nzeru, ndipo nthawi zina amalangidwa. Koma ambiri a iwo alibe ulesi uli wonse: alikudwala, ndipo palibe munthu amene waiona nthenda yao. Nkhani ya lero iri kunena za munthu amene nchito yace ndi kuona nthenda zotere ndi kuzithetsa zisanamcotse mwana pa sukulu. Munthuyo ndiye namwino wa pa sukulu, amene ana amamuitana kuti anesi.

Kumene nchitoyi inayambira

Nchito imeneyi siinayambe dzulo ai. M'caka ca 1892, ku London, namwino wina dzina lace Amy Hughes anapemphedwa kukaona ana a pa sukulu ina ya m'dera la anthu osauka, ndipo anapeza kuti ambiri analikujomba cifukwa ca tinthenda tating'ono timene tikadatha msanga pakadakhala wotisamala. Koma mbiri imene imakumbukika koposa ndiyo ya mzinda wa New York, ku America. Kumeneko madokotala a boma anali kuyendera masukulu, ndipo akapeza mwana wa mphere, wa zipere, wa nsabwe kapena wa maso ofiira, anali kumbweza kwao ndi kakalata m'manja. Makolo ambiri anali alendo ocokera ku maiko ena, osadziwa kuwerenga Cingerezi, ndipo ena analibe ndalama zolipira dokotala. Motero kakalata kanali kutayika, mwana nakhala kunyumba masabata ambiri wosaciritsidwa. Ndipo madzulo anali kusewera m'miseu pamodzi ndi anzace omwe aja amene anamlekanitsa nao m'mawa. Nthenda inapitirira kufala monga kale, mwana nataya maphunziro ace pacabe.

Mai wina, Lillian Wald, amene anali kutsogolera anamwino oyendera nyumba za osauka mumzindamo, anapempha akuru a boma kuti ayese njira ina kwa mwezi umodzi. Pa 1 October 1902 namwino Lina Rogers, wa ku Canada, anayamba nchito pa masukulu anai a ana ngati 10,000. Anali kutsuka zironda ndi maso, kudzoza mankhwala a mphere ndi zipere, nambwezera mwana m'kalasi tsiku lomwelo. Mwana wa nthenda yoopsa yopatsirana anali kupitabe kwao, koma sukulu ikaweruka namwino anali kumtsata kunyumba kukaonetsa amace kasamalidwe kace. Mwezi utatha, akuru anaona phindu lace nalemba anamwino ena. Mu September 1902 ana obwezedwa kunyumba cifukwa ca matenda mumzinda monsemo anali 10,567. Mu September 1903 anali 1,101 okha. Ku England nakonso lamulo la 1907 linakakamiza oyang'anira maphunziro kuti azipimitsa ana a sukulu kwa madokotala. Phunziro la mbiri iyi ndi lakuti mwana wodwala aciritsidwe pafupi ndi kalasi lace, ndipo womciritsayo adziwe njira ya kwao kwa mwanayo.

Kuno ku Chipata

M'dera lino anamwino anayamba kupezeka pakudza kwa zipatala za mishoni ndi za boma. Cipatala ca Mwami, ca mpingo wa Seventh-day Adventist, pafupi ndi malire a Malawi, cinayamba mu 1927. Cipatala ca St Francis ku Katete cinayambidwa ndi mpingo wa Anglican mu 1948. Mumzinda, umene masiku a atsamunda unali kudziwika ndi dzina lakuti Fort Jameson, muli cipatala cacikuru ca boma, cimene lero ndi Chipata Central Hospital. Pa malo atatu onsewa pamaphunzitsidwa anamwino. Komabe iwo ndi ocepa poyerekeza ndi odwala, ndipo ambiri amafunika m'mawodi, kocirira azimai ndi ku sikelo ya makanda. Cifukwa cace namwino wokhala pa sukulu tsiku lonse amapezeka pa masukulu owerengeka, maka-maka ogonera komweko, kumene kuli cipinda ca odwala. Masukulu ambiri oyendera amadalira kiliniki yapafupi, ndipo kumidzi kiliniki yapafupiyo nthawi zina iri pa mtunda wotopetsa ngakhale munthu wamkuru. Ana naonso acuruka, pakuti mu 2002 boma linacotsa malipiro a sukulu kuyambira giredi 1 kufikira giredi 7, ndipo mu January 2022 linawacotsa kufikira giredi 12. Ana ambiri amene kale anali kukhala kunyumba tsopano ali m'kalasi, pamodzi ndi matenda ao.

Popeza anamwino sakwanira sukulu iri yonse, panafunika nzeru ina. Mu April 2000, pa msonkhano wa maphunziro ku Dakar, m'dziko la Senegal, mabungwe a WHO, UNICEF, UNESCO ndi World Bank anagwirizana kuti pa sukulu pazikhala zinthu zinai: malamulo osunga moyo wa ana, madzi abwino ndi zimbudzi, maphunziro a zaumoyo, ndi cithandizo ca mankhwala pa sukulu pomwepo. Mu 2001 msonkhano waukuru wa WHO unapangana kuti m'maiko a likodzo ndi njoka za m'mimba, ana 75 mwa 100 ali onse a msinkhu wa sukulu azilandira mankhwala nthawi ndi nthawi pofika 2010. Caka comweco Unduna wa Maphunziro wa Zambia, pothandizidwa ndi boma la America mwa nchito ya dzina lakuti CHANGES, unayamba kuyesa njirayi m'cigawo cino ca Kum'mawa. Anchito a zaumoyo anaphunzitsa aphunzitsi kufunsa ana za zizindikiro za likodzo, kupereka mankhwala a njoka, vitamini A ndi mibulu yoonjezera magazi, ndi kulemba zonse bwino. Pambuyo pace, mu 2006, boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya umoyo ndi kadyedwe ka ana a sukulu. Mu 2014 bungwe la Healthy Learners linayamba ku Lusaka kuphunzitsa aphunzitsi osankhika kupima ana odwala ndi kuwatumiza msanga ku kiliniki. Motero pa masukulu ambiri katundu wa namwino amasenzedwa ndi anthu awiri: mphunzitsi amene amaona mwana tsiku ndi tsiku, ndi namwino wa ku kiliniki amene amadziwa mankhwala. Akale anati mutu umodzi susenza denga.

Likodzo ndi njoka za m'mimba

Nthenda yoyamba imene namwino wa m'dera lino ayenera kuidziwa ndi likodzo. Kale anthu ena anali kuyesa kuti mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula, koma si tero. Magaziwo amacokera m'tizironda ta m'cikhodzodzo. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye anapeza nyongolotsi yace ku Cairo mu 1851, ndipo mu 1915 Robert Leiper anaonetsa bwino njira imene imayendamo. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira amaswa, ndipo tizirombo timalowa m'nkhono zazing'ono za m'madzi odikha. M'nkhonomo timaswana, ndipo patapita masabata angapo timatuluka tambiri-mbiri tosaoneka ndi maso, nitiboola khungu la ali yense woima m'madziwo. Ndico cifukwa cace ana amene amasambira, kuweza, kucapa kapena kumwetsa ng'ombe m'madamu, m'madambo ndi m'maiwe otsala m'mitsinje nyengo ya cilimwe ndiwo amadwala koposa. Nthendayi ikakhalitsa imacepetsa magazi, imaononga cikhodzodzo ndi impso, ndipo mwa atsikana imatha kuononga njira ya ciberekero, kotero kuti ena amabvutika kubala atakula.

Mankhwala ace ndi praziquantel, ndipo kucuruka kwace kumatsata kukula kwa thupi. Popeza masukulu ambiri alibe sikelo, pamagwiritsidwa nchito mtengo woyezera msinkhu umene uli ndi mizere. Mwana wa masentimita 94 kufikira 109 amamwa mbulu umodzi. Wa 125 kufikira 137 amamwa iwiri. Wa 150 kufikira 159 amamwa itatu. Ndipo wofika 178 amamwa isanu. Cinthu cimodzi cimene makolo ayenera kukumbukira ndi ici: mwana adye asanamwe mankhwalawa. Womwa ndi njala amamva cizungulire, mseru ndi kupweteka m'mimba, ndipo zimenezi, ngakhale zimatha patapita maora ocepa, zimabala mbiri yoipa m'mudzi yakuti mankhwala a ku sukulu alikudwalitsa ana. Namwino wanzeru amatumiza mau kwa anyakwawa ndi makolo tsiku lisanafike, ndipo amakhala pa sukulu kufikira ataona kuti ana onse ali bwino. Amawauzanso kuti mankhwala amapha nyongolotsi ziri m'thupi tsikulo, koma saletsa zina kulowanso. Cifukwa cace amaperekedwa mobwereza, ndipo mudzi uyenera kuleka kukodza ndi kucita cimbudzi m'madzi.

Njoka za m'mimba nazo ziri zamitundu-mitundu. Zina zimalowa pakamwa ndi cakudya kapena manja akuda. Zina zimalowa pa khungu la mapazi a mwana woyenda wopanda nsapato pa dothi loipitsidwa, nizikakamira m'matumbo ndi kuyamwa magazi. Mwana wocepa magazi amatopa msanga, amapuma mofulumira akathamanga pang'ono, ndipo maganizo ace sakhazikika pa phunziro. Namwino amamzindikira poyang'ana m'kati mwa cikope, lilime ndi zikhato: zikakhala zotuwa, magazi acepa. Mbulu umodzi wa albendazole kapena mebendazole umakwanira kutulutsa njoka zambiri. Ku Busia, m'dziko la Kenya, kumene mankhwalawa anayamba kuperekedwa pa masukulu 75 kuyambira 1998, akatswiri awiri, Edward Miguel ndi Michael Kremer, analengeza mu 2004 kuti kujomba kunatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anai. Ndi cithandizo ca mtengo wocepa cimene cimabweza mwana m'kalasi masiku ambiri.

Malungo

Mvula ikayamba mu November, udzudzu umacuruka, ndipo kufikira April ndi May malungo ndiwo amatsitsa ciwerengero ca ana m'buku la mphunzitsi. Masiku ano kupima malungo sikufuna makina akuru ai: kadontho ka magazi a pa cala kamaikidwa pa kacipangizo kakang'ono, ndipo yankho limaoneka patapita mphindi 15 kapena 20. Mwana akapezeka nao amalandira mankhwala a Coartem, amene dziko la Zambia linali pakati pa maiko oyamba mu Africa kuwasankha kukhala mankhwala oyamba a malungo. Amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, pamodzi ndi cakudya. Colakwa cimene cimacitika kawiri-kawiri ndi cakuti mwana akapeza bwino tsiku laciwiri, mibulu yotsala imasungidwira mbale wace. Potero tizirombo timatsala m'magazi, ndipo nthenda imabweranso. Pali cinanso cimene namwino amakumbutsa makolo: m'nyumba zambiri neti imapatsidwa kwa mai ndi khanda, ndipo ana a sukulu amagona pa mphasa opanda cochinga. Iwowa amalumidwa usiku wonse, ndipo ena amasunga tizirombo m'magazi osadwala koonekera, koma ali ofooka ndi osamva bwino m'kalasi. Mwana wotentha thupi amene alikusanza ciri conse, kukomoka, kapena kulankhula zosamveka, asadikire mawa. Apite kucipatala nthawi yomweyo.

Maso ndi makutu

Mwana wosaona bwino sadandaula, pakuti amayesa kuti anzace onse amaona monga iye. Kumpima ndi kosabvuta. Pepala la zilembo zazikuru pamwamba ndi zazing'ono pansi limapacikidwa pa khoma lowala, mwana naima pa mtunda wa mamita 6, natseka diso limodzi. Kwa ana osadziwa kuwerenga pali pepala la cilembo E cotembenuzidwa mbali zosiyana, ndipo mwana amaloza ndi zala kumene miyendo yace yaloza. Wolephera amaikidwa pa mpando wa kutsogolo natumizidwa kucipatala. Ca Mwami cimadziwika kutali cifukwa ca nchito yace ya maso. Ambiri amangofuna magalasi, ndipo akawalandira mphunzitsi amadabwa kuona mwana amene anali wotsiriza alikukwera. Makutu naonso amafuna kuyang'aniridwa. Khutu lotuluka mafinya miyezi yambiri limatha kugontha, ndipo mwana wotere amaoneka ngati wamwano cifukwa sayankha akaitanidwa. Dera lino liri ndi mbiri yakale pa nkhani imeneyi, pakuti pa mishoni ya Magwero, ya mpingo wa Dutch Reformed, panayambika kuphunzitsa ana osaona mu 1905, ndipo mu 1955 panatsegulidwa sukulu ya ana osamva. Mwana amene maso kapena makutu ace sangacire ali nako kopita. Cofunika ndi kumzindikira akali wamng'ono, monga mwambi uja wakuti kuongola mtengo mpoyamba.

Khunyu

Pali nthenda ina imene yacotsa ana ambiri pa sukulu cifukwa ca mantha a anthu. Mwana wa khunyu akagwa, anzace amathawa, pokhulupirira kuti thobvu la kukamwa kwace kapena mpweya wace umapatsirana. Cikhulupiriro cimeneci ndi cabodza. Khunyu ndi nthenda ya ubongo. Nthawi zina imatsata kubvulala m'mutu, kubadwa mobvutika kapena malungo akuru a paubwana, ndipo siingalowe mwa munthu wina pa kukhudzana. Namwino amaphunzitsa kalasi lonse zoyenera kucita: kucotsa madesiki, miyala, moto kapena madzi pafupi ndi mwanayo, kuika cofewa pansi pa mutu wace, kusamgwira mwamphamvu, kusaika supuni kapena cala m'kamwa mwace, ndipo kugwedezeka kukatha kumgoneka cammbali kuti apume bwino. Kugwa kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza iye asanatsitsimuke, apite naye kucipatala msanga. Ana ambiri a khunyu amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku amaleka kugwa, naphunzira monga anzao onse.

Atsikana, ndi zinsinsi za ana

Mtsikana akatha msinkhu amakumana ndi mabvuto amene sangauze mphunzitsi wamwamuna. Pa sukulu yopanda cimbudzi cotseka bwino, madzi ndi zobvala za kumwezi, iye amasankha kukhala kunyumba masiku angapo mwezi uli wonse, ndipo pakutha pa caka masikuwo amakhala ambiri. Namwino salanda malo a anamkungwi kapena a azakhali. Amaonjezera pa malangizo ao zimene cipatala cidziwa za thupi, nakumbutsa akuru a sukulu za zimbudzi za atsikana. Mtsikana akatenga pakati, namwino amamtsogolera ku sikelo msanga, pakuti kubala pa msinkhu waung'ono kuli ndi zoopsa zace. Amakumbutsanso makolo kuti kuyambira 1997 boma la Zambia limalola mtsikana wotere kubwerera ku sukulu atacira. Palinso katemera wa HPV, wochinjiriza ku khansa ya khomo la ciberekero, imene imapha azimai ambiri m'dziko lino koposa khansa ina iri yonse. Anayesedwa m'cigawo ca Lusaka mu 2013, nafika m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 14, ndipo mu 2023 anaperekedwa kwa a zaka 9 kufikira 14. Mphekesera yakuti katemerayu amatseka ciberekero iribe umboni. Iye amateteza ciberekero comweco.

Pa nchito yonseyi namwino ayenera kukhala munthu wosunga cinsinsi. Pali ana amene anabadwa ndi kacirombo ka HIV, ndipo moyo wao umadalira kumwa mankhwala tsiku liri lonse pa nthawi yace. Pa sukulu yogonera, mwana wotere akaopa kuti anzace aona botolo lace, amabisa mankhwala kapena kuleka kumwa. Namwino kapena amatroni okhulupirika amamsungira mankhwalawo, nampatsa mwakacetecete, osauza munthu. Mwana akadziwa kuti mau ace safika pa bwalo, amaululanso zina zolemera: kumenyedwa kunyumba, kugwiriridwa, kapena cisoni cosatha ca imfa ya kholo. Pamenepo namwino amadziwa anthu oyenera kuwafikira mwa lamulo kuti mwana atetezedwe.

Kolera ndi njala

Matenda ena amagwera sukulu yonse pamodzi. Mu October 2023 kolera inabuka ku Lusaka nifalikira m'zigawo zonse za dziko, ndipo anthu oposa 700 anamwalira. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024 anatsegulidwa pa 12 February, ana atataya masabata asanu. Kolera imayenda m'madzi ndi m'cakudya coipitsidwa ndi cimbudzi ca wodwala, ndipo nchenche ndi manja osasamba zimaithandiza. Cifukwa cace namwino ndi woyang'anira ukhondo wa ku kiliniki amayendera zimbudzi, mjigo, khichini ndi malo ogulitsira zakudya pa cipata ca sukulu. Pa khomo la cimbudzi payenera kukhala madzi ndi sopo, ngakhale cigubu comangirira pa mtengo. Sopo akasowa, phulusa lithandiza. Mwana wotsegula m'mimba amafa cifukwa ca kutha kwa madzi m'thupi, motero ayambe kumwa madzi a mcere ndi shuga asananyamuke ulendo wa kucipatala. Mapaketi okonzeratu akasowa, mu lita imodzi ya madzi owiritsa muikidwe masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere.

Njala siiwerengedwa pakati pa matenda, koma namwino amakumana nayo tsiku ndi tsiku. Mwana amene wayenda mtunda wautali wopanda kanthu m'mimba amadandaula mutu ndi cizungulire nthawi ya kumasana isanakwane, ndipo mankhwala ace ndi cakudya. Zimenezi zinaoneka kwambiri mu 2024, pamene mvula inasowa, cimanga cinauma m'minda, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Kumene kuli phala la pa sukulu, ana amajomba pang'ono. Kumene kulibe, kandolo wophika, nshawa zokazinga kapena nsima yotsala usiku yotenthetsa bwino zimakwanira kumsunga mwana kufikira ataweruka. Dziko la Chipata limabala nshawa zambiri, ndipo nsinjiro m'phala kapena m'nkhwani zimamanga thupi la mwana. Nyumba yosunga nshawa za ana isanagulitse zotsala imacita bwino.

Malire a nchito

Mphunzitsi wophunzitsidwa za umoyo ndi wothandiza kwambiri, koma sali namwino, ndipo wanzeru amadziwa polekezera. Angathe kutsuka cironda, kuyeza kutentha kwa thupi, kupereka mankhwala amene anaphunzitsidwa, ndi kulemba kalata yotumiza mwana ku kiliniki. Sayenera kubaya jekeseni, kugawa mankhwala otsala a munthu wina, kapena kusunga mwana wodwala kwambiri kufikira sukulu itaweruka. Mwana wolumidwa ndi galu atsukidwe pa bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, napite kucipatala tsiku lomwelo cifukwa ca ciwewe. Wolumidwa ndi njoka asatemedwe mphini, ndipo asamangidwe cingwe colimba. Anyamulidwe osayenda yekha. Namwino nayenso ali ndi udindo wace: kulandira msanga mwana wobwera ndi kalata ya sukulu, kubweza yankho kwa mphunzitsi, ndi kuwerenga buku la odwala la pa sukulu. Bukulo limalankhula zambiri. Ana ambiri a mudzi umodzi akatsegula m'mimba sabata imodzi, citsime ca mudziwo ciyenera kuonedwa. Ana angapo akatuluka zidzolo ndi kutentha thupi, mwina ndi cikuku, ndipo akuru a zaumoyo ayenera kumva tsiku lomwelo.

Gawo la makolo

Zonsezi sizingatheke popanda makolo. Coyamba, kholo liuze mphunzitsi wamkuru kapena namwino ngati mwana ali ndi nthenda yokhalitsa, monga khunyu kapena mphumu, kuti tsiku la tsoka lisawadzidzimutse. Caciwiri, uthenga wa tsiku la mankhwala kapena katemera ukafika, mwana adye m'mawa napite. Kholo lokayika lifike pa sukulu ndi kufunsa namwino maso ndi maso, m'malo momvera za pa citsime kapena pa mowa. Cacitatu, kalata yotumiza mwana ku kiliniki isagone m'thumba la malaya. Cacinai, pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, pokambirana za njerwa za kalasi latsopano, pakambidwenso za zimbudzi, madzi ndi kacipinda kamodzi ka mphasa kapena bedi kogonekamo mwana wodwala. Mafumu ndi anyakwawa ali ndi mphamvu pa zimenezi, pakuti mau ao amamveka kumene kalata ya boma siifika.

Mbeu yofesedwa pa nthaka yodwala siibala, ngakhale mlimi akhale wakhama. Momwemonso phunziro labwino silikhazikika mwa mwana wotentha thupi, wocepa magazi kapena wosaona bolodi. Makolo amatuma mwana ku sukulu ndi ciyembekezo cakuti adzakhala munthu wothandiza mudzi wace, ndipo boma limalipira aphunzitsi ndi kumanga makalasi ndi ciyembekezo comweco. Namwino, pamodzi ndi mphunzitsi womthandiza, ndiye amasunga cuma conseci kuti cisatayike cifukwa ca nthenda imene mbulu umodzi, magalasi kapena mbale ya phala zikadathetsa. Omvera amene ali ndi ana pa sukulu angacite bwino kufunsa, sabata ino yomwe, kuti mwana wao akadwala m'kalasi amaonedwa ndi yani, ndi kuti kiliniki imene imayang'anira sukuluyo ndi iti. Nkhani ya lero yathera pamenepa.